Dzira la Pakhomo: Kuweta Nkhuku ndi Kuphika Mazira Kwathu ku Zomba

Ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Matawale ngakhale m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Zomba, nkhuku sizisowa. Pafupifupi pakhomo paliponse pali thadzi limene limapalasa kuseri kwa khitchini. Chodabwitsa n'chakuti makomo ambiri amene ali ndi nkhukuwo sadya mazira kawirikawiri. Dzira likapezeka m'mbale, nthawi zambiri limakhala logula pa okala kapena mumsika, lochokera ku mafamu akuluakulu. Nkhuku ya pakhomo imasungidwira mlendo, Khirisimasi kapena tsiku la vuto, ndipo mazira ake onse amasiyidwa kuti aswe anapiye, amene ambiri a iwo sakula n'komwe.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amene tikuphunzira uphunzitsi. Ambiri tidzatumizidwa kusukulu za kumudzi, kumene malipiro amachedwa kukwana mwezi ndipo ana ena amafika m'kalasi osadya kanthu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Nkhuku zochepa zosamalidwa bwino sizingathetse zonsezi, koma zingasinthe zimene zimaikidwa pamphasa madzulo. Tiyeni tione mmene thadzi limapangira dzira, zimene limafuna kwa ife, ndi mmene tingaphikire dziralo osaliwononga.

Mmene dzira limapangikira

Choyamba tichotse maganizo ofala akuti thadzi silingaikire popanda tambala. Limaikira ndithu. Ntchito ya tambala ndi yoti dziralo lidzathe kuswa mwanapiye, basi. Wofuna mazira odya okha, makamaka m'tauni momwe kulira kwa tambala kumayambanitsa anthu oyandikana nyumba, akhoza kuweta mathadzi okhaokha.

Dzira limodzi limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike m'thupi la nkhuku. Chimayamba ndi chachikasu cha m'kati, kenako chimakutidwa ndi choyera chija, ndipo pomaliza pamabwera chigoba, chimene chokha chimatenga maola pafupifupi 20, makamaka usiku. N'chifukwa chake ngakhale nkhuku yabwino chotani siingapitirire dzira limodzi patsiku, ndipo mazira ambiri amaikiridwa dzuwa lisanafike pamutu. Amene amatsegulira nkhuku m'bandakucha amapeza kuti zakaikira kutchire, kumene agalu ndi akhungubwe amafika msanga kuposa mwini wake. Kuzisunga mumpanda mpaka cha m'ma 10 koloko m'mawa kumapulumutsa mazira ambiri.

Kuwala nakonso kuli ndi gawo lake. Thadzi limaikira kwambiri usana ukakhala wautali. Kwathu kuno usana umafupika kufika maola pafupifupi 11 m'miyezi ya June ndi July, n'kutalika kufika maola 13 cha mu December. Choncho mazira akachepa nthawi yozizira, sikuti nkhuku zalodzedwa kapena mnansi akuba. Thupi la nkhuku likungotsata nyengo.

Nkhuku iti?

Pali mitundu itatu imene munthu wa ku Zomba angasankhepo. Yoyamba ndi nkhuku zachikuda zomwe tidazizolowera. Thadzi lachikuda limayamba kuikira likatha miyezi 6 kapena 7. Limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kusiya kuti liwafungatire masiku 21, kenako n'kulera anapiye miyezi iwiri kapena kuposerapo. Pachaka limachita zimenezi katatu kapena kanayi, ndiye kuti mazira ake amakhala pakati pa 40 ndi 60 basi. Ubwino wake ndi wakuti limadzifunira chakudya, limadziwa kuthawa kabawi, ndipo limaswa lokha ana ake.

Yachiwiri ndi nkhuku zakuda zija timangoti za Mikolongwe, potengera dzina la famu ya boma ya m'boma la Chiradzulu kumene zakhala zikuswetsedwa kwa zaka zambiri. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo mtunduwu udachokera ku Australia. Boma lidayamba kuzifalitsa m'midzi atsamunda asanachoke, n'cholinga choti zikweze nkhuku zachikuda. Zimakula thupi ndipo zikamadya mokwanira zimaikira kuposa zachikuda kutalitali. Koma zikangotayiriridwa kuti zizidzionera zokha, zimafooka msanga ndipo mazira amachepa.

Yachitatu ndi nkhuku zachizungu za mazira, zofiirira zija za m'mafamu. Zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20 ndipo zimatha kufika mazira 300 pachaka. Sizifungatira, sizitha kudzifunira chakudya chokwanira, ndipo tsiku limene thumba la chakudya chogula latha, mazira nawonso amayamba kutha. Walira mvula walira matope: wofuna mazira 300 avomerenso kugula chakudya mwezi ndi mwezi.

Kwa munthu woyamba kumene, misoti isanu yachikuda kapena yosakanizika ndi ya Mikolongwe ndi poyambira pabwino. Tiwerengere limodzi. Mathadzi asanu, lililonse mazira 50, ndi mazira 250 pachaka. Tikapatula 50 oti aswe anapiye, pakutsala 200 odya, pafupifupi anayi pasabata. Ndi ochepa, koma chiwerengerochi chimakwera tikachita zinthu ziwiri. Choyamba, kutola mazira tsiku lililonse n'kusiya limodzi lokha lolembedwa chizindikiro m'chisa. Thadzi likapanda kuona mulu wa mazira limachedwa kuyamba kufungatira. Chachiwiri, kulekanitsa anapiye ndi make akatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kuti make abwerere msanga kukaikira.

Khola loyenera nyengo ya ku Zomba

Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo kumtunda kwa phiri chifunga ndi chiperoni zimatha masiku osachoka. Mdani wamkulu wa nkhuku m'nyengo yotere ndi chinyontho. Khola likhale pamalo okwera, denga lisadonthe, ndipo mpweya uzilowa kumtunda kwa khoma osati pamene nkhuku zimagona. Khola la m'mwamba, lomangidwa pa nsanamira ngati nkhokwe, limathandiza kawiri: zitosi zimagwera pansi pomwe tingazikokolole n'kukathira kudimba, komanso likongwe ndi agalu amavutika kufika.

Ngati khola ndi la pansi, tithiremo utuchi kapena mankhusu a mpunga. Zonsezi sizisowa kwathu: utuchi uli kwa ocheka matabwa a paini, mankhusu ali kuzigayo za mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala. Zikanyowa tizichotse. M'kati muikidwe mtengo wopingasa woti nkhuku zizigonapo, malo a chikhatho chotambasula pa nkhuku iliyonse. Chisa chikhale pakona yamdima, chachikulu masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa mathadzi anayi kapena asanu. Dengu lakale kapena mphika wosweka woikamo udzu wouma ndi zokwanira.

Anapiye ndiwo amafuna diso. Ambiri amafa m'masabata oyambirira chifukwa cha kuzizira, mame a m'mawa ndi mbalame zolusa. Thadzi likaswa, tiliike pamodzi ndi ana ake m'chitete chachikulu chovundikira kapena m'kampanda kotchinga pamwamba, n'kumazipatsa chakudya ndi madzi pomwepo. Okhala kufupi ndi nkhalango, cha ku Mulunguzi kapena mumsewu wokwera ku Ku Chawe, akumbukirenso kuti anyani ndi apusi amakonda mazira ngati ife tomwe. Pomaliza, penapake pouma pakhale phulusa losakaniza ndi mchenga. Nkhuku zikamagubuduka m'menemo zimachepetsa utitiri ndi nsabwe zimene zimayamwa magazi n'kuchititsa thadzi kuthawa mazira ake.

Madeya okha sakwanira

Pakhomo pambiri nkhuku zimapatsidwa madeya, mwina ndi makombo a nsima. Madeya amakhutitsa, koma zomanga thupi zili m'menemo ndi zochepa poyerekeza ndi zimene thadzi loikira limafuna. Dzira lililonse limatuluka ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, ndipo nkhuku siingapereke chimene siinadye.

Zowonjezera zili pafupi. Soya wokazinga n'kusinja ndi wabwino kwambiri, koma akazingidwe ndithu, chifukwa soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Zinyenyeswa za matemba a ku Chilwa, usipa kapena bonya zimene zimatsala pansi pa dengu la wogulitsa ndi chakudya chamtengo wapatali kwa nkhuku. Zingochepa, chifukwa nsomba ikachuluka fungo lake limamveka m'dzira. Chiswe, ngumbi ndi ziwala ndi zaulere. Masamba monga bonongwe, chisoso, kholowa ndi chammwamba ndiwo amapatsa chachikasu cha dzira mtundu wakupsa uja umene timausirira m'mazira achikuda. Mtunduwo umachokera ku zimene nkhuku yadya, osati ku mtundu wa nkhukuyo.

Chigoba chimapangidwa ndi mchere wa kashiamu, magalamu pafupifupi awiri pa dzira lililonse. Ukasowa, mazira amatuluka a chigoba chofewa, ndipo nkhuku zimayamba kujompha mazira awo omwe. Mankhwala ake ndi zigoba za mazira amene tadya, kapena za nkhono: kuziwamba pamoto, kuzisinja bwinobwino kuti zisaonekenso ngati dzira, n'kuziika m'kambale kapadera. Thadzi lalikulu limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, pafupifupi manja awiri odzaza, ndipo limamwa madzi ochuluka kuwirikiza kawiri chakudyacho. Magawo atatu mwa anayi a zam'kati mwa dzira ndi madzi. Nkhuku zimene zakhala tsiku lonse la mu October popanda madzi zimatha kusiya kuikira kwa masiku angapo.

Chitopa

Aliyense amene adaweterapo nkhuku amadziwa mawu akuti "zavala jekete": mapiko agwa, nkhuku yangoti ndwii, ikutsegula m'mimba zobiriwira, ina khosi lapotoka. Chimenecho ndi chitopa, chimene ena amati chideru, ndipo chimatha kusesa khola lonse m'sabata imodzi. Chimavuta kwambiri m'miyezi yotentha, mvula isanagwe. Chimayambitsidwa ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, choncho makapisozi a anthu, tsabola kapena madzi a khonje sizichiza. Nkhuku imene yachira itamwa zimenezi ikadachira ngakhale popanda izo.

Chitetezo chenicheni ndi katemera. M'Malawi muno muli katemera wotchedwa I-2, amene adayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia ndipo amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Adakonzedwa kuti azipirira kutentha kuposa akatemera ena, n'cholinga choti azifika kumidzi kopanda mafiriji. Kaperekedwe kake n'kosavuta: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi inayi iliyonse. Amaperekedwa kwa nkhuku zamoyo bwino, matenda asanafike. Kutemera nkhuku yodwala kale n'kutaya katemera. Alangizi a ziweto amapezeka ku maofesi a zaulimi a m'madera monga Thondwe ndi Malosa, ndipo popeza botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, ndi bwino makomo angapo kugwirizana tsiku limodzi.

Nkhuku yatsopano, kaya yogula ku Songani kaya yopatsidwa ndi agogo, ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe. Isadyedwe, ndipo nthenga ndi matumbo ake zisatayidwe kudzala kumene zina zimapalasa.

Kusunga mazira

Dzira likangotuluka limakhala ndi kachikuto kosaoneka ndi maso kamene kamatseka timabowo ting'onoting'ono ta pachigoba kuti tizilombo tisalowe. Tikalitsuka timachotsa kachikutoko. Choncho dzira losunga lisatsukidwe. Ngati lada, lipukutidwe ndi kansalu kouma, ndipo litsukidwe pokhapokha likukaphikidwa. Mazira aikidwe mbali yosongoka itayang'ana pansi, pamalo ozizira, monga mumphika wadothi woikidwa pamthunzi m'nyumba. Nthawi yozizira amatha masabata awiri kapena atatu ali bwino, koma kukatentha ndi bwino kuwadya sabata isanathe. Kulemba tsiku ndi pensulo pachigoba kumathandiza kuyamba ndi akale.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: dzira lowola kunja kwake limaoneka ngati linzake. Njira yoliyesera ndi kuliika m'kapu ya madzi. Latsopano limamira n'kugona cham'mbali. Lokhalitsako limaimirira pansi pa kapu, ndipo likhoza kudyedwa litapsa bwino. Loyandama litayidwe. Izi zimachitika chifukwa madzi a m'dzira amauma pang'onopang'ono kudzera m'timabowo tija, ndipo mpweya umalowa m'malo mwake. Pophika mazira ambiri, lililonse liswedwe m'kambale kapadera kaye, kuti limodzi lowola lisawononge poto yense.

Pamoto

Lamulo la dzira ndi limodzi: silifuna moto waukali. Choyera chake chimayamba kulimba kutentha kukangopitirira madigiri 60, ndipo chachikasu chimalimba pofika madigiri 70. Kupyola apo dzira limangouma n'kukhala ngati mphira.

Powiritsa, madzi ayambe abwata, kenako mazira alowetsedwe ndi sipuni pang'onopang'ono, n'kuchepetsa moto kuti asamagundane. Mphindi 10 mpaka 12 ndi zokwanira kuti apse mpaka m'kati. Apa phiri lathu lili ndi phunziro la sayansi limene tingadzaphunzitse nalo ana. Pamalo okwera mpweya umapanikiza pang'ono, ndiye madzi amabwata asanafike madigiri 100. Amatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita opitirira 900, ndiye madzi amabwata pa madigiri pafupifupi 97. Pamwamba pa phiri, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, amabwata pa 93 kapena 94. Wophikira kumtundako awonjezere mphindi imodzi kapena ziwiri.

Mazira akapsa aikidwe m'madzi ozizira nthawi yomweyo. Mkombero wobiriwira umene umaoneka pachachikasu cha dzira lophikitsa si poizoni. Ndi ayironi wa m'chachikasu amene wakumana ndi sulufule wa m'choyera chifukwa cha kukhalitsa pamoto. Ndipo musadabwe dzira la dzulo likamavuta kusenda. Dzira latsopano kwambiri limamatirira ku chigoba, pomwe la masiku asanu kapena sabata limasendeka bwino. Atsopano ndi okazinga, okhalitsako ndi owiritsa.

Pokazinga pambaula, tidikire makala asiye kulilima. Mafuta a sipuni imodzi akwanira mazira awiri. Dzira likamathetheka n'kuda m'mbali, moto wachuluka. Pofuna mazira a ndiwo, anyezi ndi tomato zipse kaye mpaka madzi a tomato aphwe, kenako mazira omenyedwa ndi kamchere athiridwe, n'kutakasa pang'ono pokha. Poto aphulidwe mazira akadali onyezimira, chifukwa amapitiriza kupsa ndi kutentha kwa potoyo. Banja likakhala lalikulu, bonongwe kapena nkhwani zodula bwino zikalowa mumphika womwewo, mazira atatu amakwanira anthu asanu. Izi zili ndi phindu linanso: dzira lili ndi zofunika zambiri, koma lilibe vitamini C, amene amapezeka mu tomato, masamba ndi zipatso.

Pali ena, makamaka oimba kwaya ndi onyamula zitsulo, amene amamwa dzira laliwisi poganiza kuti likonza mawu kapena liwonjezera mphamvu. Akudziluza. Thupi limangotenga pafupifupi theka la zomanga thupi za m'dzira laliwisi, pomwe m'dzira lophika limatenga magawo 9 mwa 10. Komanso dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella timene timatsegula m'mimba. Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala, dzira lipse mpaka chachikasu chilimbe.

Adye ndani?

M'madera ena mudakali chikhulupiriro chakuti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, kapena kuti mwana wozolowera mazira adzakhala wakuba. Palibe umboni wa zimenezi, ndipo amene amamanidwawo ndi omwe amafunikira dzira kuposa wina aliyense pakhomo. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, dzira lili m'gulu la zanyama, gulu limene limasowa kwambiri m'mbale za mabanja osauka. Kwa anzathu amene sadya nyama, dzira ndi njira imodzi yopezera vitamini B12, amene sapezeka mu nyemba kapena masamba. Mwana akakwana miyezi 6 akhoza kuyamba kudya dzira lophika bwino, lonyenyedwa kapena lomenyedwera m'phala likadali pamoto, uku akupitiriza kuyamwa.

Komabe tisalitamande mopitirira. Ku Ecuador, kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2017 adapeza kuti dzira limodzi patsiku lidachepetsa kupinimbira kwa ana pafupifupi ndi theka. Akatswiri atayesa zomwezo kwa ana 660 a ku Lungwena ndi ku Malindi m'boma la Mangochi, pa kafukufuku wotchedwa Mazira Project, zotsatira za mu 2019 zidaonetsa kuti msinkhu wa ana odya dzira sudasiyane ndi wa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adaganizira n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba. Phunziro lake ndi lakuti dzira limathandiza kwambiri pamene chakudya cha zanyama chikusowa, ndipo silingalowe m'malo mwa madzi aukhondo, chithandizo cha malungo ndi zakudya zakasinthasintha.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Wofuna kuyamba ayambe ndi khola, asanagule nkhuku. Kenako afunse kwa alangizi tsiku la katemera wotsatira, apeze misoti isanu kwa munthu amene nkhuku zake zimatemeredwa, ndipo asunge kabuku kolembamo mazira a tsiku lililonse ndi ndalama zimene zapita ku chakudya. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kabukuko kadzanena kokha ngati khola likufunika kukulitsa. Ndipo dzira loyamba likatoledwa, lipite m'mbale ya mwana wamng'ono kwambiri pakhomopo.